Bere Lotupa ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

Nkhani yoŵerengedwa pa wailesi m'nthaŵi ya alimi

 Nkhani yathu lero ndi ya bere la ng'ombe. Koma inu amene mulibe ng'ombe musatseke wailesi, pakuti aliyense amene amathira mkaka mu tiyi, kapena kudyetsa mwana phala la mkaka, nkhaniyi ikumukhudza.

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, ndili pa ulendo wojambula mawu a alimi, ndidafika m'mamaŵa pa malo ena osonkhanitsira mkaka. Alimi adali atandanda pa mzere, ena zigubu zili pa njinga, ena pa mutu. Mnyamata woyeza mkaka ankatapa pang'ono m'chigubu chilichonse n'kusakaniza ndi spiriti, monga amachitira masiku onse, pofuna kuona ngati mkakawo uli woyenera kuloŵa m'thanki yoziziritsira. Atafika pa chigubu cha mayi ena achikulire, mkaka udachita mibulu, ndipo adaubweza. Mayiwo sadakangane naye. Adangosenzanso chigubu chawo n'kuyamba ulendo wobwerera. Ine ndidaŵatsatira, ndipo tidacheza m'njira mpaka kukafika ku khola kwawo.

"Mwananga, aka n'kachitatu," adatero. "Bere lam'mbuyo lija lidatupa koyamba mvula itangogwa. Ndidagula mankhwala obaya, lidaphwa. Lidatupanso, ndidabaya omwewo, lidaphwa pang'ono. Tsopano ndikubaya koma silikumva konse. Kodi mankhwala a masiku ano ngofooka, kapena pali wina wandilodzera ng'ombe?"

Ndidaŵafunsa kuti, "Amayi, mumabaya masiku angati?" Iwo adati, "Aŵiri. Likangophwa ndimasiya, otsalawo ndimasungira tsiku lina, pakuti ngodula." Ndidafunsanso za mkaka wa masiku amene ng'ombe ili pa mankhwala. Adandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Ndikautaya, fizi ya mdzukulu wanga ichokera kuti?"

Mayi ameneŵa si aulesi, ndiponso si opanda nzeru. Nsenjere adabzala yokwanira, ndipo ng'ombe yawo ndi yonona. Zimene adachita ndi zimene ambiri a ife tikadachita. Koma funso lawo lili ndi yankho, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kuyamba ndi bere lenilenilo.

Nyumba ya zipinda zinayi

Bere la ng'ombe lili ngati nyumba ya zipinda zinayi zopanda khomo lopitira m'chipinda chinzake. Chipinda chilichonse chimapanga mkaka wakewake, ndipo chili ndi khomo limodzi lokha lotulukira kunja, ndilo kabowo ka pa nsonga ya bere. N'chifukwa chake chigawo chimodzi chimatha kutupa pamene zitatu zinazo zili bwinobwino. Kabowoko kamatsekedwa ndi kamnofu kozungulira kamene kamamanga ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Tikamaliza kukama, kamnofuko kamakhala katamasuka, ndipo khomo limakhala lotseguka kwa theka la ora kapena kupitirirapo. Nthaŵi imeneyi ndiyo ya ngozi.

Amene amaloŵa pa khomoli ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Akaloŵa amapeza mkaka wofunda, chakudya chokwanira, ndipo amaswana mofulumira. Pamene zinthu zaŵayendera bwino, mmodzi amagaŵika kukhala aŵiri m'mphindi 20 kapena 30 zokha. Thupi la ng'ombe silikhala chete. Limatumiza asilikali ake, ndiwo maselo oyera a m'magazi, ndipo nkhondo imene imabuka ndiyo timaiona monga kutupa, kutentha ndi kuŵaŵa kwa bere. Mkaka umasanduka wa mibulu kapena wamadzimadzi, nthaŵi zina wa magazi ngakhale mafinya. Matendaŵa alangizi a ziŵeto amaŵatcha mastitis.

Adani ameneŵa ali m'magulu aŵiri. Gulu loyamba limakhala m'bere momwemo ndi pa khungu la nsonga, ndipo limachoka pa ng'ombe ina kupita pa ina nthaŵi yokama, litakwera pa manja a wokama kapena pa kansalu kopukutira. Odziŵika kwambiri m'gululi ndi Staphylococcus aureus ndi Streptococcus agalactiae. Gulu lachiŵiri limakhala m'ndoŵe, m'matope ndi m'udzu wachinyontho wogonapo ng'ombe. M'menemo muli Escherichia coli, Klebsiella ndi Streptococcus uberis. Maina ndi ovuta, koma musavutike kuŵaloŵeza. Chofunika kukumbukira n'chakuti ena amabwera ndi manja athu, ena amabwera ndi pogona ng'ombe.

Makolo athu sankadandaula kwambiri za matendaŵa, pakuti ng'ombe zawo za linunda zinkatulutsa mkaka wochepa, ndipo zinkakhala kubusa tsiku lonse. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970, pamene mafakitale a mkaka adatsegulidwa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, alimi ang'onoang'ono adayamba kuŵeta ng'ombe za magazi a Friesian ndi Jersey. Zimenezi n'za bere lalikulu ndi mkaka wochuluka, ndipo zambiri zimakhala m'khola usana ndi usiku, kudyera ndi kugona pafupi ndi ndoŵe zake. Walira mvula walira matope: mkaka wochuluka udabwera pamodzi ndi bere lofuna chisamaliro chochuluka.

Ulipo mtundu wina wa matendaŵa umene uli woopsa chifukwa suoneka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bere limaoneka losalala, mkaka woyera bwino, ng'ombe ikudya ndi kubzikula, koma m'kati nkhondo ikuchitika. Mkaka umatsika pang'onopang'ono, mlimi n'kumada nsenjere kapena madeya. M'makola ambiri, ng'ombe zodwala mobisika chotere zimachuluka kuposa zotupa bere poyera. Akatswiri amazizindikira poŵerenga maselo a mu mkaka: akapitirira 200,000 pa mililita imodzi, amati chigawocho chiyenera kuti chili ndi tizilombo. Mlimi sangaŵerenge maselo, koma ilipo njira yapafupi imene idapezeka ku California mu 1957, ndipo alangizi amaitcha CMT. Pamakhala kambale ka zipinda zinayi. Mumakamira mkaka pang'ono wa chigawo chilichonse m'chipinda chakechake, n'kuthiramo mankhwala ake amadzimadzi muyeso wofanana ndi mkakawo, kenaka n'kuzunguza. Mkaka wa chigawo chabwino umakhalabe wamadzi. Wa chigawo chodwala umananda ngati therere.

Si ng'ombe imene imazoloŵera mankhwala

Mankhwala opha mabakiteriya timaŵatcha maantibayotiki. Woyamba kutchuka ndi penisilini, amene Alexander Fleming adamutulukira mu 1928 ku chipatala cha St Mary's mu mzinda wa London, ataona kuti nkhungu imene idamera mwangozi m'kambale kake idapha mabakiteriya oizungulira. Mabakiteriya a m'kambalemo adali a mtundu wa Staphylococcus, abale a mdani wa bere uja. Penisilini adayamba kugwira ntchito m'zipatala m'zaka za m'ma 1940, ndipo posakhalitsa adafika m'makola a ng'ombe za mkaka. Koma Fleming mwini wake, polandira mphotho ya Nobel mu 1945, adachenjeza kuti munthu womwa mankhwalaŵa mopereŵera adzasiya tizilombo tamoyo m'thupi mwake, ndipo tizilomboto tidzasanduka tosamva.

Kodi zimenezi zimachitika bwanji? Anthu ambiri amati ng'ombe yazoloŵera mankhwala, kapena munthu wazoloŵera mankhwala. Ayi, amene amasintha ndi mabakiteriya. Tiyerekeze ndi munda. M'munda mwamera chisoso ndi bonongwe, ndi kapinga pang'ono pa ngodya. Mlimi wopalira mwachiphamaso amapha chisoso ndi bonongwe, pakuti n'zofeŵa, koma kapinga amangomudula pamwamba, mizu n'kutsala. Mvula ikagwa, kapingayo amapeza munda wonse uli poyera, wopanda wolimbana naye, ndipo amayanga ponseponse. Chaka chotsatira kupalira komwe kuja sikuthandizanso. Khasu silidafooke, munda ndiwo wasintha.

Momwemonso m'bere. Pakati pa mabakiteriya mamiliyoni amakhalapo oŵerengeka amene mwachibadwa ali ndi choŵateteza ku mankhwala. Tikabaya, ofooka amafa msanga, bere limaphwa, ife n'kusangalala. Tikasiyira pomwepo, kapena tikapereka muyeso wochepa, olimba aja amatsala n'kuswana, ndipo bere likatupanso ndiwo amakhala eni nyumba. Ndiponso jekeseni sapita ku bere kokha. Amayenda m'thupi monse, kupalira chotere m'matumbo ndi pa khungu, kotero kuti nthaŵi iliyonse imene tibaya popanda chifukwa timapatsa mwayi olimba. Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amapatsirana zida zodzitetezerazi monga alimi amapatsirana mbewu, ngakhale pakati pa mitundu yosiyana.

Staphylococcus aureus ndiye chitsanzo chabwino. Ena a mtunduwu amapanga kanthu kotchedwa penicillinase, kamene kamaduladula penisilini asanagwire ntchito. Pofika zaka za m'ma 1950, m'zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America, Staphylococcus wambiri adali atasiya kumva penisilini. Akatswiri adapanga mankhwala atsopano osadulika, otchedwa methicillin. Koma mu 1961 ku England adapezeka kale Staphylococcus wosamvanso mankhwala atsopanowo, amene lero amadziŵika ndi dzina loti MRSA. Ameneyu njira yake ndi ina: adasintha malo amene mankhwala amagwira pa thupi lake, monga munthu wosintha loko kuti kiyi wakale asatsegule. Choncho samva penisilini, samvanso cloxacillin, amene ali m'machubu ambiri ochizira bere.

Poyamba anthu ankayesa kuti MRSA ndi vuto la m'zipatala mokha. Koma mu 1972 ku Belgium adamupeza mu mkaka wa ng'ombe zodwala bere. Mu 2011 akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge adalengeza kuti apeza mtundu wina wa MRSA mu mkaka wa ng'ombe ku England, ndipo atafufuza adaupezanso mwa anthu odwala ku Britain ndi ku Denmark. Kafukufuku wa mu 2022 adaonetsa chinthu chodabwitsa. Mtundu umenewu udalipo kale zaka pafupifupi 200 zapitazo, penisilini wa m'botolo kulibe, pa khungu la kanyama ka minga kotchedwa kanungu ka ku Ulaya, chifukwa pa khungu la kanyamako pamamera nkhungu yotulutsa mankhwala ofanana ndi penisilini. Phunziro lake n'lakuti kapinga alipo kale m'chilengedwe. Ife sitimulenga, timangomulimira munda.

Kuno ku Malaŵi nkhani yotere si yachilendo. Achikulire mukukumbukira kolorokwini, mmene ankachizira malungo ndi mmene adalekera kuchiza, mpaka mu 1993 dziko lathu lidakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziŵa kuti Fansidar. Mu 2007 tidasinthanso kupita ku LA. Kachilombo ka malungo si bakiteriya, koma lamulo lake ndi lomweli. Zimene zidachitikira kolorokwini zikhoza kuchitikira mankhwala a m'khola.

Bere likakana kuchira

Pano ndiyenera kuchenjeza. Bere likakana kuchira, si nthaŵi zonse pamene tizilombo tili tosamva mankhwala. Staphylococcus aureus ali ndi chinyengo china. Amaloŵa m'kati mwenimweni mwa bere n'kupanga tizithupsa tozingidwa ndi mnofu wolimba, ndipo ena amabisala m'kati mwa maselo a ng'ombe. Mankhwala, ngakhale abwino, safika kumeneko mokwanira. N'chifukwa chake ng'ombe yokalamba, imene bere lake lakhala likutupa mobwerezabwereza ndipo lili ndi mibulu yolimba mukaligwira, kaŵirikaŵiri sichira. Kupitiriza kuibaya ndi kutaya ndalama, ndiponso kulimira kapinga.

Komanso si mankhwala onse amene atha ntchito. Streptococcus agalactiae nthaŵi zambiri amamvabe penisilini. Escherichia coli, akakhala kuti sadaidwalitse kwambiri ng'ombe, thupi limatha kumugonjetsa lokha popanda maantibayotiki. Koma yemweyo nthaŵi zina amagwetsa ng'ombe m'maola ochepa: imatentha thupi, imasiya kudya, imatsegula m'mimba, mkaka n'kukhala ngati madzi. Ng'ombe yotere ifunika dokotala wa ziŵeto tsiku lomwelo, pakuti ikhoza kufa.

Ndi maso okha palibe angadziŵe kuti m'bere muli mdani uti. Chodziŵira ndi labotale, monga labotale yaikulu ya za ziŵeto ku Lilongwe, kumene amapaka mkaka m'timbale kuti mabakiteriya amere, n'kuyesa mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akugwira. Si mlimi aliyense angatumize mkaka nthaŵi zonse. Koma bere likatupa kachiŵiri kapena kachitatu, kapena ng'ombe zingapo za m'gulu limodzi zikakana kuchira, pemphani mlangizi kuti aone ngati n'kotheka kutero. Safunsa adadya phula.

Zizoloŵezi zathu zimene zimathandiza mdani ndi zinayi. Choyamba ndi kusiya mankhwala panjira, monga ankachitira mayi aja. Chachiŵiri ndi kupereka muyeso mongoganizira, osalingalira kulemera kwa ng'ombe, kapena kugaŵa kachubu kamodzi pa zigawo ziŵiri. Chachitatu ndi kugula mankhwala oyalidwa pa dzuŵa mu msika, ena otha nthaŵi, ena osadziŵika kochokera, ngakhalenso kutsegula makapisozi a anthu n'kusungunula m'madzi kuti tiloŵetse m'bere. Chachinayi ndi kubaya oxytetracycline kapena penisilini ng'ombe ikangoti yafooka, tisanadziŵe chimene ikudwala.

Mlangizi akanena kuti mankhwala afunika, perekani muyeso wonse kwa masiku onse olembedwa, ngakhale bere litaphwa tsiku lachiŵiri. Ngati ndi kachubu, yambani mwakama chigawocho mpaka mkaka kutha, pukutani nsonga ndi thonje la spiriti, loŵetsani kamlomo ka chubu pang'ono chabe, ndipo kachubu kamodzi kathere m'chigawo chimodzi. Lembani m'kope tsiku, dzina la ng'ombe, chigawo chodwala ndi dzina la mankhwala. Kope limenelo ndilo lidzauze mlangizi kuti ng'ombe iyi ikuchira, iyi ikungobwereza.

Mkaka wa ng'ombe ili pa mankhwala

Tsopano tibwere ku funso lovuta lija, la mkaka. Mankhwala tikabaya kapena kuloŵetsa m'bere, ena amatuluka mu mkaka, ndipo amatuluka m'zigawo zonse zinayi, osati chodwala chokha. Pa botolo kapena pa bokosi pamalembedwa maola kapena masiku oyenera kudikira chiperekere mankhwala omaliza. Masikuwo amasiyana malinga ndi mtundu wa mankhwala, ndipo a jekeseni wokhalitsa m'thupi amakhala ambiri. Mkaka wa m'nthaŵi imeneyo si wogulitsa, si wakumwa. Kuŵiritsa kumapha mabakiteriya, ndipo mkaka uliwonse wochokera m'khola tiyenera kuuŵiritsa tisanamwe, koma moto suchotsa mankhwala.

Mkaka wotere ukaloŵa m'thanki umasakanikirana ndi wa anzathu onse, ndipo spiriti wa mnyamata uja sazindikira mankhwala. Ku fakitale, chambiko ndi yogati zimapangidwa ndi mabakiteriya abwino osasitsa mkaka. Mankhwala aja amaŵapha, mkaka n'kukana kugwira. Fakitale ikayeza n'kupeza mankhwala, ikhoza kubweza thanki yonse, ndipo alimi ambiri amataya chifukwa cha chigubu chimodzi. Mkakawo ukafika m'kapu ya mwana, umapereka timiyeso tating'ono ta mankhwala kwa mabakiteriya a m'mimba mwake, tosakwana kupha onse koma tokwana kusankha olimba. Aliponso anthu amene thupi lawo limadana ndi penisilini, ndipo akamulandira amatuluka zidzolo kapena kubanika. Ngakhale kumwetsa thole si bwino, pakuti nalonso limayamba kusunga mabakiteriya osamva m'matumbo mwake n'kumaŵatulutsa m'ndoŵe. Mkaka wotere uthireni m'dzenje n'kukwirira.

Mankhwala a ng'ombe ndi a anthu ndi a banja limodzi. Penisilini wa m'khola ndi mbale wake wa amoxicillin, amene mwana amalandira ku chipatala akadwala chibayo. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 m'magazini ya za chipatala ya The Lancet adapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1,270,000 adamwalira pa dziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfazi zidachuluka koposa kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Sitikunena kuti ng'ombe ndizo zidapha anthu onseŵa. Mbali yaikulu ya vutoli imachokera ku kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala pakati pa anthu. Koma khola lili ndi gawo lake. N'chifukwa chake ndondomeko imene boma la Malaŵi lidakonza ya zaka za 2017 mpaka 2022, yolimbana ndi vutoli, idaphatikiza pamodzi za umoyo wa anthu, za ziŵeto ndi za chilengedwe.

Mankhwala oyamba ndi ukhondo

Nanga tichite chiyani? Bere losadwala silifuna jekeseni, choncho njira yosungira mphamvu ya mankhwala ndi kuchepetsa matenda. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri a pa malo ofufuzira za mkaka pafupi ndi Reading ku England adayesa njira zosiyanasiyana m'makola a alimi, n'kutulukira mfundo zisanu: kuviika nsonga za maŵere m'mankhwala opha tizilombo pomaliza kukama, kuchiza msanga ng'ombe zodwala ndi kulemba, kuchiza bere pa nthaŵi youmitsa, kuchotsa ng'ombe zosachira, ndi kusamala makina okamira. Mfundozi zidatsitsa kwambiri matenda a gulu loyamba lija m'maiko ambiri. Ife ambiri timakama ndi manja, choncho makina athu ndi manja omwewo.

Musanakame, sambani m'manja ndi sopo. Tsukani nsonga ndi madzi oyera ofunda, n'kupukuta mpaka ziume, ng'ombe iliyonse ndi kansalu kakekake kochapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuŵa. Mkaka woyamba kutuluka ukamireni m'kapu ya m'kati mwakuda, osati pansi kapena pa dzanja, kuti muone ngati muli mibulu. Kamani ndi dzanja lonse, mofinya kuchokera m'mwamba kutsika, osati kukoka nsonga ndi zala ziŵiri, pakuti kukoka kumavulaza khomo lija. Yambani ndi ng'ombe zobereka koyamba ndi zina zabwino, yodwala ikhale yomaliza. Mukamaliza, viikani nsonga iliyonse m'mankhwala ake a ayodini, kenaka ikani nsenjere kapena madeya m'chodyera, kuti ng'ombe ikhale chiimire theka la ora khomo likutsekeka. Pogona pakhale pouma. Chotsani ndoŵe tsiku ndi tsiku, konzani denga lodontha ndi ngalande mvula isanayambe, ndipo chepetsani ntchentche. Pogula ng'ombe yokamidwa kale, musangoona kukula kwa bere. Ligwireni, ndipo muyeze mkaka wake ndi CMT, kuti musagule matenda ndi ndalama zanu.

Miyezi iŵiri ng'ombe isanabereke timasiya kuikama kuti bere lipume. Iyi ndiyo nthaŵi yabwino yochiza matenda obisika, pakuti machubu ake a nthaŵi imeneyi amakhalitsa m'bere, ndipo palibe mkaka wotaya. Kale ku Ulaya ankaika machubuŵa m'ng'ombe zonse, zodwala ndi zabwino zomwe. Tsopano asintha. Kuyambira mu Januwale 2022, malamulo a bungwe la European Union saloleza kupereka maantibayotiki mwachizoloŵezi monga chitetezo, ndipo alimi amayamba ayeza kenaka n'kuchiza zokhazo zofunika. Ku Netherlands, dziko la ng'ombe za mkaka zochuluka, maantibayotiki ogulitsidwa kwa oŵeta adatsika kuposa theka pakati pa 2009 ndi 2014, koma ulimi wa mkaka sudagwe. Kwa ife phunziro ndi lomwelo: yezani musanaumitse, ndipo mlangizi asankhe ng'ombe yofunika mankhwala.

Ndikudziŵa kuti kutaya mkaka wa masiku angapo n'koŵaŵa kwa banja lodalira ng'ombe imodzi, ndipo n'kosavuta kulangiza uli kumbuyo kwa makina a wailesi. Apa ndi pamene gulu liyenera kuonetsa ntchito yake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Alimi a mkaka muli m'magulu, ndipo magulu anu ali ndi mabungwe awo, SHMPA kummwera, CREMPA pakati ndi MDFA kumpoto. Pa misonkhano yanu kambiranani zogula pamodzi kambale ka CMT ndi mankhwala oviikira nsonga, ndiponso zosonkha kathumba kothandizira mnzanu amene akutaya mkaka mokhulupirika. Kuthandiza munthu mmodzi masiku ochepa n'kotsika mtengo kuposa kutaya thanki yonse.

Patapita milungu ingapo ndidadutsanso kwa mayi aja. Mlangizi adali atabwera, ndipo adapeza kuti chigawo cham'mbuyo chija chidaonongeka kale, chalimba ngati mwala. Adalangiza kuti chiumitsidwe, asabayenso. Zitatu zinazo zidali bwino. Mayiwo tsopano amakama maŵere atatu. Mkaka wachepa, koma sukubwezedwanso, ndipo pa mtanda wa khola ndidaona kansalu koyera ndi kabotolo ka ayodini. Adandifunsanso funso lija akuseka, ndipo ndidaŵayankha kuti, "Amayi, mankhwala sadafooke, ndipo palibe adakulodzerani. Kaya tizilombo tidasiya kumva, kaya tidabisala kumene mankhwala safika, zonse ziŵiri zimakula pamene tisiya mankhwala panjira." Iwo adapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti posunga theka la botolo ndidataya bere lathunthu."

Omvera, maantibayotiki ali ngati chitsime cha m'mudzi. Tonse timatunga pomwepo, oŵeta ndi osaŵeta omwe, ndipo mmodzi akachidetsa wadetsera onse. Maŵa m'mamaŵa, musanagwire bere, yang'anani manja anu ndi pogona ng'ombe yanu. Amene muli ndi mafunso tilembereni kalata, ndipo tidzaŵapereka kwa alangizi a ziŵeto kuti tidzayankhe pa wailesi pompano.